Tsabola wa Mkamwini

Ku Chipulukusu, mu Ndola, kunali nyumba imodzi imene anthu ankaidziwa ndi mphuno asanaione ndi maso. Eni ake anali mayi Damaris Chulu, amene aliyense ankangowaitana kuti Amake Ennie. Anali mayi waukhondo, wosalola ngakhale kachitsotso pabwalo, koma kuseri kwa nyumba yawo anasiyako dala tchire la chitsamba chonunkha chija chimamera m'mphepete mwa njanji, chamasamba ong'ambikang'ambika ndi timaluwa tachikasu tosasangalatsa n'komwe. Anthu anzeru zawo chitsamba chimenechi amachiyala m'khola kuti chithamangitse utitiri wa nkhuku, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Amake Ennie ankachithirira madzi m'chilimwe. Choipitsitsa, ankachidya.

Lamulungu lililonse akabwera ku tchalitchi, ankavula zovala zabwino, n'kugwada pa mphero, n'kupera masamba amenewo pamodzi ndi tsabola wamuwisi mpaka zisanduke phala lobiriwira. Aneba ankaseka. Koma amene analawa kamodzi, ndi mbatatesi yophika kapena chiwalo cha nkhuku, Lamulungu linalo ankapezeka pakhomopo ndi kambale m'manja, kuseka kutatha. Kumene mayi wa ku Katete anaphunzira ndiwo ya ku Peru, ndi ochepa amene ankadziwa.

Anabwera kumigodi ufulu usanafike, potsatira amuna awo a Nehemiah, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe. Katundu wawo anali wochepa, koma wolemera, chifukwa anaumirira kunyamula mphero ya amayi awo pamodzi ndi mwanamphero wake. A Nehemiah anawauza kuti kumigodi ufa umabwera wogayagaya, palibe amene amapera mawere. Iwo anangoti mwala sudya kanthu. Motero mphero ija inakwera basi, inakwera sitima, n'kukagona pansi pa mtengo wa gwafa ku komboni ya Chamboli, kumene ntchito yake inali yonolera mipeni.

Ana anabereka angapo, koma onse anabwerera ali akhanda, n'kutsala Ennie yekha. Mwana mmodzi ali ngati diso la munthu wa diso limodzi, ngakhale kachitsotso kamaopsa. Ennie anakula, anaphunzira, anakhala namwino pa chipatala cha mgodi. Imeneyo inali nthawi imene mbendera yatsopano inali itangokwera ndipo mkuwa unali pa mtengo. M'makomboni munkalira mawailesi, anyamata ankavala masuti ngakhale pakati pa sabata, ndipo pa msika wa Chisokone munthu ankamva zilankhulo za dziko lonse lapansi. Alendo ankabwera kuchokera kulikonse kumene kuli mgodi. Mmodzi wa iwo anali Hector, wa ku Peru, dziko linanso la mkuwa kutsidya kwa nyanja yamchere. Ankagwira ntchito ku ng'anjo yosungunulira mkuwa. Tsiku lina anapsa pamkono, Ennie ndiye anamanga balalo. Bala linapola, koma munthu sanaleke kubwera kuchipatala.

Amake Ennie nkhaniyi sinawakomere. Kwawo mkamwini ndiye amabwera kwa mkazi, n'kumanga nyumba pamaso pa apongozi, mwana wako n'kukalamba uli kumuona. Uyu anali ndi kwawo kumene basi sifika. Anadziwa mumtima kuti tsiku lina adzawanyamulira mwana. Koma a Nehemiah anavomera, a Jairus, alongo awo a Amake Ennie, anabwera kuchokera ku Katete kudzaimira ukwati monga nkhoswe, ndipo zinthu zinatha mwamtendere.

Kuyambira tsiku limenelo, Amake Ennie anachita zimene mayi aliyense woleredwa bwino amachita: anayamba kupewa mkamwini. Mpongozi sakhala mphasa imodzi ndi mkamwini, sadya iye akuona, samuyang'ana kumaso, ndipo akakumana panjira amapatuka. Umenewo ndi ulemu, ulemu waukulu kuposa umene amapatsidwa abusa. Koma tinene zoona, m'kati mwa ulemuwo munabisalanso kaukali, ndipo mwambo unali nsalu yabwino yofundikira. Ngakhale chithunzi cha ukwati anakana kuchipachika m'nyumba. Ankati sangadye mkamwini akuwayang'ana kuchokera pakhoma.

Hector zimenezi sankazidziwa. Lamulungu loyamba atakwatira, anatsika m'galimoto manja ali tambasu, kulunjika kwa apongozi kuti awakumbatire ndi kuwapsompsona patsaya monga achitira kwawo. Mayi wamkulu uja anadumpha mpanda kulowa kwa mnansi wawo wa Chibemba, bana Lorna, n'kusiya patapata imodzi pabwalo. Chamboli yonse inaseka mpaka mwezi kutha. Ennie anamufotokozera mwamuna wake kuti kumeneko ndiko kulemekeza kwa kuno, iye n'kugwedeza mutu ngati wamva.

Choncho Amake Ennie mkamwini wawo ankamudziwa ndi nsapato. Akagwada pakhomo la khitchini kupereka moni, nkhope itayang'ana pansi, zimene ankaona ndi nsapato zofiirira, zachikopa cholimba, yakumanzere ili ndi chipsera kumphuno pamene panadonthera chiphalaphala cha mkuwa. Zingwe ankamanga mfundo ziwiri. Nsapatozo anafika pozidziwa bwino kwambiri moti ankatha kuona ngati mwini wake wagona bwino kapena wakangana ndi anzake kuntchito. Za nkhope ankangomva kwa bana Lorna, amene ankati si mzungu, si mmwenye, koma ndi wooneka bwino ndithu.

Lamulungu lina a Nehemiah anatengera Hector kuseri kukamuonetsa nkhuku. M'kholamo munali mutayalidwa chitsamba chija, chongothyola kumene. Hector anawerama, anatola masamba, anawatikita m'manja, n'kuwanunkhiza. Anapitiriza kununkhiza nthawi yaitali, mpaka a Nehemiah anaganiza kuti utitiri wamulowa m'mphuno. Kenaka anati kwawo chitsambachi amachitcha wakatai, ndipo amayi ake amachilima m'munda ngati ndiwo. Pobwera pabwalo maso ake anagwera pa mphero ija pansi pa gwafa. Anatuma Ennie kukapempha kwa apongozi ngati angaibwereke.

Amake Ennie anayankha ali kuseri kwa chitseko kuti chibadwire sanaonepo mwamuna atagwada pa mphero, koma ngati kwawo amatero, mwala sudya kanthu.

Hector anautsuka mwalawo, anapinda malaya, n'kugwada. Amake Ennie anakhala pa mpando m'khitchini, chitseko chili chotseka, makutu ali panja. Anamva adyo akuphwanyika, ndi mchere ukulira ngati mchenga. Anamva tsabola akuphulika, fungo lake n'kulowa pansi pa chitseko mpaka kuwayetsemulitsa. Anamva mtedza wokazinga ukuswedwa, kenaka kulira kwa mwala kunasanduka konyowa, ndipo anadziwa kuti masamba alowa. Panabwera fungo la ndimu, ndi kubwibwita kwa botolo la mafuta. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti munthuyu sankakankha mwanamphero kutsogolo ndi kumbuyo monga aperera mawere. Ankamugwedeza uku ndi uku, gu, gu, gu, akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo.

Ennie anabwera ndi kambale, muli phala lobiriwira ndi mbatatesi ziwiri. Amayi ake anati asiye pamenepo, nkhuku zidzadya poti ndi mankhwala awo. Ennie atatuluka, anaviikamo chala. Tsabola uja anayamba ndi kuzizira ngati mame, kenaka n'kuyaka pang'onopang'ono mpaka m'makutu, koma osapweteka, ndipo anali wosalala ngati zonona za mkaka. Nkhuku sizinalawe. Mbale inabwerera yotsuka, popanda mawu.

Chinasanduka chizolowezi cha Lamulungu lililonse. Mkamwini pa mphero, mpongozi kuseri kwa chitseko, kambale kulowa kodzaza n'kutuluka kotsuka. Amake Ennie anayamba kuliyembekezera Lamulungu kuposa mmene akanavomerera pamaso pa amayi anzawo a chigwirizano. Pofika Loweruka ankakhala atathyola kale masamba anthete n'kuwasiya pa mphero, ngati kuti agwa okha.

A Nehemiah anawauza kangapo kuti kupewana kuli ndi polekezera. Kwawo mwambo womasula mkamwini ulipo, ndipo anzawo a Chibemba amaphika zakudya zamitundumitundu n'kumulowetsa m'nyumba, kuyambira pamenepo n'kumadyera pamodzi. Amake Ennie anati zidzachitika mwana akabadwa. Mwana anabadwa, wamkazi, anamutcha Leah. Pamenepo anati nkhani yotere singachitike popanda a Jairus, eni mbumba. A Jairus anati abwera akakolola. Atakolola anati abwera akagulitsa fodya. Amake Ennie sanawafulumize. Ankadziuza kuti nthawi ilipo yambiri, ndipo penapake ankaganiza kuti malinga ngati sanamumasule, mkamwini sangachoke ndi mwana wawo. Paja ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Lamulungu lina nsapato zinabwera zosapukuta, zikukhwekhwereza, chingwe chimodzi chili chomasuka. Mwala unalira nthawi yaitali kuposa masiku onse, koma nyimbo panalibe. Ennie analowa m'khitchini wopanda kambale, anatseka chitseko, n'kukhala pansi. Anati amayi ake a Hector amwalira, uthenga wafika maliro ataikidwa kale. Bambo ake atsala okha, ndipo Hector sadzasainanso ntchito ku mgodi. Mvula isanathe akhala atapita, onse atatu.

Chimene Amake Ennie anachiopa zaka zonse chinali chitafika, ndipo chinafika mwaulemu, chitakhala pansi.

"Palinso cina, amai," anatero Ennie m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Uyu munthu aganiza ati mumamuzonda. Zaka zonse izi mumuthawa monga ali na khate."

"Ine kumuda? Umenewo ndi ulemu, iwe ukudziwa."

"Ine nidziwa. Koma akagwada pa mphero paja, amasiya malo kumbali kwake. Amake ndiye mwamene anali kukhalira, pambali. Amayembekeza ati tsiku lina muzatuluka. Manje ulemu wamene mwine wake saumva, amai, ni wa ndani?"

Mawu amenewo anawalasa kuposa nkhani ya ulendo. Anakumbukira masamba amene ankasiya pa mphero, ndi mbale zonse zimene anatsuka, iwo n'kumayesa kuti akulankhula momveka. Kuseri kwa chitseko kunali munthu wamasiye amene ankangofuna mayi woti akhale naye pafupi, ndipo iwo anamupatsa thabwa kuti aziliyang'ana. Anachita manyazi, ndipo analira.

Anatumiza uthenga ku Katete kuti a Jairus abwere msanga. Yankho linali lakuti mwendo wawatupa, adikire kufikira mvula itatha. Ku nyumba ya Ennie mabokosi anali atayamba kukhomedwa misomali. Amake Ennie, amene moyo wawo wonse sanadumphepo mwambo, anauza amuna awo kuti amumasula okha mkamwiniyo, a Jairus adzakalipe pambuyo. A Nehemiah anati akhala akudikira mawu amenewo kuyambira tsiku la patapata.

Linali litatsala Lamulungu limodzi. Bana Lorna anabwera kudzathandiza, poti zimenezi ndi zakwawo. Anapha nkhuku, anaphika nyemba, ndiwo zotendera ndi chikanda, chakudya chija cha mizu yakutchire yosinja ndi mtedza. Koma tsabola uja Amake Ennie anati apera okha. Anafuna kuti mkamwini akalawa adziwe kuti zaka zonsezi iwo ankamvetsera.

Anagwada pa mphero ya amayi awo n'kutsata zimene makutu anasunga. Anayamba ndi adyo ndi mchere, n'kutsatiza tsabola wamuwisi wochotsa njere zina, mtedza wokazinga, masamba anthete, ndimu ndi mafuta. Mwanamphero anamugwedeza uku ndi uku, ndipo analira chimodzimodzi. Mtundu unali wofananako, fungo lomwelo. Atalawa, anatsokomola mpaka misozi. Tsabola wawo anali waukali ngati mavu, ndipo madzi ankapatukana ndi masamba. Anapera wina, anawonjezera mtedza, koma sizinathandize. Bana Lorna anawalangiza kuti angomusiya, zakudya zinazo n'zokwanira. Iwo anakana.

Masana a Lamulungu anayala mphasa pansi pa gwafa. A Nehemiah ananena mawu ochepa ndi pemphero. Kenaka Amake Ennie anatuluka m'khitchini ndi beseni la madzi, anayenda kudutsa bwalo lonse anthu akuona, n'kugwada patsogolo pa nsapato zija. Anamusambitsa m'manja mkamwini wawo, anamuikira mbale, n'kunena maso ali pansi:

"Mwana wanga, kuyambira lero muno ndi mwanu. Idyani, ine ndili pompano."

Hector anatenga mbatatesi, anaviika mu tsabola uja, n'kuika m'kamwa. Anatsokomola. Misozi inayenderera n'kudonthera pa mphasa, ndipo panalibe amene anafunsa ngati ndi ya tsabola. Kenaka anaseka, n'kunena m'Chinyanja chake chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chibemba cha kuntchito:

"Amai, yawama sana. Koma buledi ili kuti?"

Anapempha buledi wogona ndi mkaka. Anachotsa khungu, anaviika chapakati mu mkakawo mpaka chifewe, n'kuwonjezera kachambiko pang'ono m'malo mwa tchizi cha kwawo. Anabwezera tsabola yense pa mphero, n'kuikapo buledi uja. Amake Ennie anamvetsa pomwepo chimene chinawasokoneza. Buledi wonyowa salira pa mwala, ndipo alibe fungo. Zonse zaukali zinkadutsa pa chitseko n'kuwapeza, koma chofewetsa chokhacho chinkatsala panja.

Hector anagwada, n'kusendera kumbali. Malo aja analipo. Amake Ennie anagwada pomwepo, anaika dzanja pa mwanamphero pafupi ndi dzanja lake, n'kuyamba kugwedeza limodzi. Phala linasintha mtundu, linayera pang'ono, n'kugwirana. Ali m'kati mogwedeza, anadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

Anali ndi maso ang'onoang'ono akuda, tsitsi loongoka logwera pamphumi, ndi kampata pakati pa mano akutsogolo. Chimene chinawapweteka n'chakuti anali mwana. Nsapato zija zinali za munthu wamkulu, ndipo iwo zaka zonsezi ankathawa mnyamata woti akanatha kumubereka. Anadya mbale imodzi, anamufunsa za amayi ake, iye anafotokoza za mapiri a kwawo ndi manja pamene mawu anamuthera. Anamudzudzula kuti ndi woonda, anamuwonjezera nkhuku, anamuseka kagwiridwe kake ka chikanda. Zonse zimene mayi amachitira mwana anazipanikiza m'masana amodzi. Dzuwa litapendeka, galimoto inanyamuka. Sabata yomweyo ndege inawanyamula pa Ndola.

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo Amake Ennie anaona okha kuti mame amenewa anawapeza dzuwa litakwera kale.

Patapita zaka zochepa mkuwa unagwa mtengo, mawailesi anayamba kulira motsitsa. A Nehemiah anapuma ntchito ndi chifuwa cha mgodi, ndipo nyumba ya ku Chamboli inayenera kubwezedwa kwa eni ake. Anzawo ambiri anabwerera kumudzi. Amake Ennie anakana za ku Katete. Anati ana akadzabwera adzatsikira pa Ndola, ndipo si bwino kuti adzayambenso ulendo wina wa basi atatopa. Anamanga kanyumba ku Chipulukusu. Mphero inakweranso lole, ndi njere za chitsamba chija zitamangidwa pa nsonga ya chitenje. A Nehemiah anamwalirira komweko. Ana sanabwere. Ulendo unali wautali, ndipo chaka chilichonse chinali ndi chifukwa chake, monga zinalili ndi a Jairus.

Zithunzi zokha ndizo zinkafika nthawi ndi nthawi. Ennie atanenepa, ataima pakhomo la nyumba yamiyala. Leah atavala yunifolomu ya sukulu. Kenaka ana ena awiri amene agogo awo sanawanyamulepo. Amake Ennie ankazipachika zonse pakhoma, ndipo chilichonse chikafika ankayamba kufufuza m'mbali ndi kumbuyo. Hector sankaonekamo. Iye ndiye ankagwira kamera. Kupempha kuti awatumizire chithunzi cha mkamwini, pakamwa pawo pankalemera, poti ndi iwo omwe anakana choyamba chija.

Nkhope ya Ennie anali nayo, imeneyo mayi saiwala. Koma ya Hector anaiona masana amodzi okha, ndipo inayamba kufufutika. Akatsinzina kuti amukumbukire, zimene zinkabwera ndi nsapato zofiirira, chipsera kumphuno, mfundo ziwiri. Zimenezo zinkabwera zowala bwino, ngakhale sanaziitane. Ankadziwa kuti anazisankha okha, ndipo ankamusowa mwana uja ndi mtima wonse.

Panali nthawi imodzi yokha imene nkhopeyo inkabwerera. Lamulungu akagwada pa mphero, adyo ataphwanyika, tsabola ataphulika, masamba atatulutsa fungo lawo, ankaikapo buledi wonyowa uja, mwala n'kukhala chete. Pamenepo, akayang'ana kumbali kwawo, ankaona tsitsi logwera pamphumi ndi kampata ka m'mano. N'chifukwa chake akafika pa buledi sankafulumira, ngakhale pabwalo patadzaza aneba ndi timbale tawo. Ankagwedeza mwanamphero pang'onopang'ono, atagwada chakumbali ngati mphero ndi ya anthu awiri, mpaka phala litasalala moti panalibenso choti apere. Akatukula mwanamphero, kunkatsala nsapato.